Put up: mneni wa Chingerezi womangira nyumba, kukwezera mitengo ya katundu ndi kugonekera alendo

Mafunso ndi mayankho

Amene anagwirapo ntchito yomanga pansi pa folomani wolankhula Chingerezi, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds, amawadziwa mawu awiri awa: *put up*. Amamveka m'mawa pogawa ntchito, amalembedwa m'nyuzipepala, ndipo ana a sukulu amakumana nawo pa mayeso. Ndi timawu tating'ono koma tinasenza matanthauzo oposa khumi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira Chingerezi amakonda kufunsa. Tiyamba ndi tanthauzo la zomangamanga, poti munthu akaligwira limeneli, enawo savutanso kwambiri.

Kodi *put up* amatanthauza chiyani pa nkhani yomanga?

Amatanthauza kumanga kapena kuimika chinthu pamalo pamene panalibe, n'kuchisiya chili chiimire. *They put up a wall around the plot*, ndiye kuti anamanga mpanda wa njerwa kuzungulira puloti. *My uncle is putting up a house in Area 49*, ndiye kuti amalume akumanga nyumba ku Area 49.

Pano Chichewa chathu ndi cholemera kuposa Chingerezi. Ife nyumba timamanga, mzati timazika, mashelufu timakhoma, makatani timapachika, chidziwitso timamata, mbendera timakweza. Mngelezi zonsezi amangozitchula ndi mneni mmodzi: *put up a house, put up a post, put up shelves, put up curtains, put up a notice, put up a flag*. Choncho mukamamasulira kuchoka ku Chingerezi, musafune liwu limodzi la Chichewa loti lilowe paliponse, kulibe. Yang'anani chinthu chimene chatchulidwa pambuyo pa mneniyo, kenako mudzifunse kuti kwathu chinthu chimenechi timachichita bwanji. Ngati ndi chisakasa cha pamaliro, *put up* ndi kumanga. Ngati ndi chithunzi cha pakhoma, ndi kupachika.

Bwanji osangomasulira *put* payekha, *up* payekha?

Mukatero mupeza "kuika pamwamba", ndipo nthawi zina mulondola. *Put up your hand* ndi kukweza dzanja basi. Koma nyumba saiika pamwamba, ndipo mlendo amene wagona kwanu simunamukweze padenga.

Aneni oterewa, amene m'mabuku a galamala amawatchula kuti *phrasal verbs*, amagwira ntchito imene kwathu imagwiridwa ndi msintho wa mneni. Ife timasintha mchira wa liwu: tseka, tsekula, tsekera, tseketsa, mata, matula, vundikira, vundukula. Tsinde ndi lomwelo koma tanthauzo lasuntha. Chingerezi sichikhudza mchira, chimangoika kaliwu kena pambuyo: *put up, put down, put in, put on, put off, put out*. Mwana wa Chichewa saphunzira "tsekula" pophwanya liwulo pawiri, amalimva lathunthu. Inunso *put up* mumutenge ngati liwu limodzi lolembedwa motalikirana.

Ndiye akusiyana bwanji ndi *build*, *erect* ndi *construct*?

Onse anayi akhoza kunena za nyumba imodzi yomweyo, koma savala zofanana.

*Build* ndi wa paliponse, ndipo ndi amene simungalakwe naye. *Construct* ndi wa m'makalata, m'mapangano a makontirakitala ndi m'malipoti a boma. *Erect* ndi wa m'malamulo ndi pa miyala ya chikumbutso, paja pamalembedwa kuti *erected in memory of*. *Put up* ndi wa pakamwa, wa tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri amabwera ndi kafungo ka changu: chinthu chimene dzulo panalibe, lero chaima.

Taonani mpanda wa ku Berlin. Usiku wa pa 12 kuchezera pa 13 Ogasiti 1961, boma la East Germany linatseka malire a pakati pa chigawo cha kummawa ndi cha kumadzulo cha mzindawo ndi waya waminga, anthu n'kudzuka m'mawa atalekanitsidwa ndi abale awo. Khoma la konkire linabwera pambuyo. Wolankhula Chingerezi amati *the barrier was put up overnight*, ndipo mneniyo akukwanira bwino chifukwa nkhani yake ndi ya kudzidzimuka. N'chimodzimodzi ndi Empire State Building ya ku New York, ya nsanjika 102, imene anaimanga m'chaka chimodzi ndi masiku 45 okha n'kuitsegula pa 1 Meyi 1931. Munthu wodabwa ndi liwiro limenelo anganene kuti *they put it up in just over a year*.

Tsopano tengani tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri a m'deralo amene ankaumba ndi kuotcha njerwa zake pomwepo. Galamala ikulolani kunena kuti *they put up a church*, koma ine sindingatero. Ntchito ya zaka zitatu, ya njerwa zoumbidwa mosiyanasiyana kuti zipange maluwa a pakhoma, imafuna *built*. Mukati *put up* mwaichepetsa, ngati kuti inali golosale ya pamsika. Kusankha mneni kumaonetsanso ulemu umene mukupereka ku ntchitoyo.

Pali zinthu zomangidwa zimene sizilola *put up*?

Zilipo, ndipo muyeso wake ndi wapafupi: kodi chinthucho chimaima, kapena chimapachikika m'mwamba? Ngati chimagona pansi kapena kulowa m'nthaka, *up* uja sagwira. Msewu ndi *build a road*. Chitsime ndi *dig a well*. Mjigo ndi *drill a borehole* kapena *sink a borehole*. Njanji ndi mapaipi a madzi ndi *lay*. Galimoto, bwato ndi sitima, ngakhale zimaima, zimayenda, ndiye zimatenga *build*. *Put up* amafuna chinthu chokhazikika pamalo amodzi.

Ndimagwira ganyu yomanga ndipo abwana amalankhula Chingerezi chokhachokha. Ndi ntchito ziti za pa nyumba zimene zimatenga *put up*?

Tiyeni tiitsate nyumba kuyambira pansi.

Maziko, amene ambiri timangoti fandeshoni, ndi *dig the foundation*, kenako *lay the foundation*. Konkire amathira, *pour the concrete*. Njerwa imodziimodzi amayala, *lay bricks*, n'chifukwa chake mmisiri wake amatchedwa *bricklayer*. Koma njerwa zija zikasanjikizana n'kukhala chipupa, mneni amasintha: *put up the walls*. Nsanja yokwerapo amisiri khoma likatalika ndi *put up the scaffolding*, ndipo mawu amenewa mudzawamva pafupifupi pa ntchito iliyonse ya nyumba yosanjikiza. Mitanda ya denga ndi *put up the trusses*. Denga lenilenilo, poti limavundikira nyumba, ambiri amati *put the roof on*, ngakhale *put up the roof* amamvekanso. Mawindo ndi mafelemu a zitseko amalowa m'khoma, choncho ndi *put in the windows*. Chitseko chenicheni ndi *hang the door*. Siling'i ndi *put up the ceiling*.

Matailosi ndiwo amaonetsa bwino mmene kaliwu ka kumapetoka kamagwirira ntchito. A pakhoma la bafa ndi *put up tiles*. A pansi ndi *put down tiles* kapena *lay tiles*. Katundu ndi yemweyo, mmisiri ndi yemweyo, chasintha ndi kumene nkhope yake yaloza pogwira ntchitoyo. Mukazindikira zimenezi mudzayamba kulota nokha mneni woyenera musanamumve n'komwe.

Zotsala za panja, monga mpanda, geti, thanki ya madzi pa nsanja yake, sola padenga, dishi ya TV ndi chikwangwani cha kampani, zonse ndi *put up*.

Chiganizo cholondola ndi chiti: *put up it* kapena *put it up*?

*Put it up*. Apa palibe kukambirana. Pamtherankhani, kutanthauza chinthu chimene chikuchitidwacho, akakhala dzina, muli ndi ufulu: *put up the tent* ndi *put the tent up* onse ndi olondola. Akakhala mlowam'malo, monga *it, them, him, her, me, us*, malo ake ndi pakati basi: *put them up, put me up*.

Kwa ife siziyenera kukhala zachilendo. Timati "ndamanga nyumba", koma nyumbayo ikakhala yodziwika kale timati "ndaimanga", ka *i* kaja kalowa m'kati mwa mneni. Chingerezi nachonso chimalowetsa *it* m'kati.

Dzina likakhala lalitali, lisiyeni kumapeto. *They put up a three-bedroom house with a big veranda* ndi chiganizo chabwino. Mukakankhira *up* kumapeto kwa zonsezo, womvera adzakhala ataiwala kuti anali kumudikira.

Nanga m'nthawi yakale timati *putted up*?

Ayi. *Put* sasintha: lero *put*, dzulo *put*, *have put*. *They put up a fence last year*. Chimene chimakuuzani nthawi ndi mawu ena a m'chiganizo. Polemba *putting* musaiwale ma *t* awiri. Pofuna kunena kuti chinamangidwa osatchula womanga, ndi *was put up*: *the clinic was put up in 2015*.

Azungu akamalankhula sindimumva n'komwe mneniyu. Amamutchula bwanji?

Amamulumikiza. Ife timakonda kumaliza liwu lililonse ndi lembo la liwu, ndiye m'mutu timayembekezera kumva "puti iti apu". Iwo *put it up* amamutchula ngati liwu limodzi, chapafupi ndi "putitap", ndipo a ku America *t* uja amamufewetsa mpaka kumveka ngati "pudidap". Mphamvu ya mawu imagwera pa *up*. Komanso *put* amamveka ngati *foot*, osati ngati *cut*. Yesani kutchula mokweza *put it up, put them up, put us up* kangapo mofulumira. Khutu limazolowera msanga zimene pakamwa pazolowera.

Ndinawerenga kuti *new houses are going up*. Bwanji sanati *putting up*?

Chifukwa *put up* amafuna womanga ndi chomangidwa. Nyumba siingadzimange. Mukafuna kunena za nyumbazo zokha, osatchula eni ake, mneni ndi *go up*: *houses are going up all along the road*, monga mmene timanenera kuti nyumba zikungophuka m'mbali mwa msewu. Mukalemba kuti *houses are putting up*, wowerenga adikira kuti mumuuze chimene nyumbazo zikumanga.

Mneni wotsutsana naye ndi uti? Ndi *put down*?

Apa ambiri amagwa. *Put down* ndi kutula kapena kuika pansi chimene munanyamula. Sanena za kugumula.

Chinthu chimene mungachimasule bwinobwino n'kudzachigwiritsanso ntchito chimatenga *take down*: tenti, nsanja ya amisiri, makatani, chikwangwani. Anthu amene anathawa madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 atasonkhana m'misasa ku Blantyre ndi maboma ena a kummwera, nkhani za Chingerezi zinkanena za *putting up tents*. Misasa ikamatsekedwa, matenti omwewo ndi *taken down*.

Chinthu chimene chikagwa chagwa chimatenga *pull down*, *knock down* kapena *tear down*. Onse ndi kugumula kapena kugwetsa, ndipo wa m'makalata ndi *demolish*. *Knock down* amakumbutsa hamala, ndipo ndi amene mmisiri anganene pogumula khoma limodzi kuti zipinda ziwiri zikhale chimodzi. *Tear down* ali ndi ukali. Pa 12 Juni 1987 pulezidenti wa America Ronald Reagan, ataima pafupi ndi chipata cha Brandenburg Gate pa khoma lija la ku Berlin, anauza mtsogoleri wa Soviet Union Mikhail Gorbachev kuti *tear down this wall*. Akanati *take down*, zikanamveka ngati akupempha munthu kuti achotse makatani. Malire a pa khomalo anatseguka pa 9 Novembala 1989.

Kodi *put up the price* ndi kumata mtengo pakhoma?

Ayi, ndi kukweza mtengo. *They have put up the price of cement again*, akwezanso mtengo wa simenti. Aliyense amene anali ndi nyumba ya pa lintala pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chiganizo chimenechi amachidziwa ndi mtima. *The landlord has put up the rent*, alandilodi akweza lendi. Kanenedwe aka n'kofala ku Britain ndi kwa ife amene tinatengera Chingerezi cha kumeneko, pamene ku America amakonda *raise*.

Kusiyana kuja kwa *put up* ndi *go up* kuliponso pano, ndipo kuli ndi ntchito. *Prices have gone up* ndi kunena kuti mitengo yakwera, ngati kuti yakwera yokha. *They have put up prices* ndi kunena kuti pali wina waikweza. Wogulitsa amakonda chiganizo choyambacho. Wogula ali ndi ufulu wonena chachiwiri.

Mnzanga wa ku Manchester anandilembera kuti *I can put you up for a few days*. Ankatanthauza chiyani?

Ankakuuzani kuti mukhoza kufikira kwake n'kugona masiku angapo. *Put someone up* ndi kumulandira munthu ndi kumupatsa pogona kwa kanthawi, nthawi zambiri kwaulere. Koma gwirani mawu akuti kanthawi. Kwathu mlendo akafika sitimufunsa tsiku lobwerera, ndipo mwana wa achemwali akhoza kubwera kudzafuna ntchito n'kutha chaka. Mngelezi akati *a few days* akunenadi masiku ochepa, ndipo mneniyu sanena za kusunga munthu mpaka kalekale. Kulera kapena kusunga wachibale kwa nthawi yaitali ndi *take in* kapena *look after*.

Mukafuna kupempha nokha: *Could you put me up for the night?* Ndi pempho laulemu ndithu, lopanda vuto.

Nanga funso lija loti *Where are you putting up?* ndi Chingerezi cholondola?

Limamveka m'maiko angapo a mu Africa, ndipo ku India n'lofala kwambiri, potanthauza kuti mukukhala kuti. Silinachokere kuthengo. M'Chingerezi chakale cha ku Britain munthu wa paulendo ankati *we put up at an inn*, kutanthauza kuti tinagona pa nyumba ya alendo. Eni ake anausiya pang'onopang'ono mneni ameneyu, koma m'maiko amene ankawalamulira anatsala, n'kukula mpaka kutanthauza kukhala kwenikweni.

Ine sindiliona ngati tchimo. Pakati pa anthu amene amamvana nalo, likugwira ntchito yake. Kungoti wa ku London kapena ku Chicago akhoza kukuyang'anani modabwa, kudikira kuti mumalize chiganizo. Kwa iwo funsani kuti *Where do you live?* ngati mukufunsa kwawo, kapena *Where are you staying?* ngati ali paulendo. Pa mayeso ndi pa kalata yofunsira ntchito, tsatani zomwezo.

*Put up with* ndi mneni yemweyu?

Maonekedwe okha. *With* akangolowa, nkhani ya kumanga yatha, tsopano ndi kupirira chinthu chosakondweretsa. *We put up with the dust for six months*, tinapirira fumbi miyezi isanu ndi umodzi. *I can't put up with this noise*, phokosoli sindingathe kulipirira.

Yerekezani ziganizo ziwiri izi. *I put up my brother-in-law*: ndinawapatsa pogona alamu anga. *I put up with my brother-in-law*: ndinawapirira alamu anga, kutanthauza kuti ndi munthu wovuta. Kaliwu kamodzi kasandutsa kukoma mtima kukhala dandaulo, ndipo mukalakwitsa pamaso pa eni ake mudzafunika ankhoswe. Onetsetsani musanatumize uthenga.

Malamulo ake ndi osiyananso. Mawu atatuwa salekanitsidwa, ndipo mlowam'malo amapita kumapeto: *put up with it*, *put up with them*. Mneni wotsatira amatenga *-ing*: *put up with waiting*. Ndipo sagwiritsidwa ntchito pa zabwino, kapena pa chisoni chachikulu ngati maliro. Ndi wa zinthu zotopetsa: denga lodontha, kuzimazima kwa magetsi, bwana wolalata. Muli kadandaulo m'kati mwake, koti sindikufuna koma ndilibe kuchitira mwina. Kupirira kwathu kuja kumene timalimbikitsana pa siwa, kwa ulemu ndi kulimba mtima, Chingerezi chimakutchula ndi mawu ena monga *endure* kapena *bear*.

Pali matanthauzo enanso amene ndiyenera kuwadziwa?

Alipo, ndipo ambiri mwa iwo akusungabe chithunzi choimika chinthu poyera kuti anthu achione.

*Put up the money* ndi kupereka ndalama zoyambira ntchito. *His sister in Cape Town put up the money for the roof*, ndalama za denga anapereka ndi mlongo wake wa ku Cape Town. Ndi ndalama za cholinga, osati zogulira ndiwo. *Put up for sale* ndi kuika pamalonda: *the plot has been put up for sale*. *Put up a candidate* ndi kuimika munthu pa chisankho, ndipo apa Chichewa ndi Chingerezi zagwirizana ndendende, tonse timaimika. *Put up a fight* ndi kulimbana osagonja msanga, mawu amene olemba za mpira amawakonda timu ikaluza koma itavuta. *Put up an umbrella* ndi kutambasula ambulera. *Put your feet up* ndi kupuma mutagwira ntchito.

Limene limasiyana ndi anzake ndi *put someone up to something*, kumutuma kapena kumunyengerera munthu kuti achite chosayenera. Mwana akagenda galasi, mphunzitsi amafunsa kuti *Who put you up to this?*, wakutuma ndani. Palinso *a put-up job*, nkhani yochita kukonza mseri kuti ioneke ngati yangochitika. Ndipo *put up or shut up* ndi mawu amwano ndithu, otanthauza kuti chita zimene ukunenazo, apo ayi khala chete. Adziweni kuti muwamve, koma musawayese pa akuluakulu.

Ndimasokoneza *put up*, *set up* ndi *build up*. Ndingawasiyanitse bwanji?

*Put up* ndi wa chinthu chogwirika chimene chimaima. *Set up* ndi kukhazikitsa kapena kukonzekeretsa kuti chiyambe kugwira ntchito: kampani, komiti, banki m'khonde, kompyuta yatsopano. Munthu amachita *put up* chigayo akamanga nyumba yake, amachita *set up* akakhazikitsa makina ndi bizinesi yake. Pa tenti onse awiri amaloledwa.

*Build up*, ngakhale ali ndi *build*, kawirikawiri sanena za kumanga nyumba. Ndi kukula kapena kuunjikana pang'onopang'ono: *build up a business*, *build up savings*, *traffic is building up*. Musalembe kuti *I am building up a house*. Chokhacho chokhudza nyumba ndi *a built-up area*, dera lodzaza nyumba, mawu amene oyendetsa galimoto amakumana nawo m'malamulo a pamsewu.

Amisiri opita ku Britain adziwenso *do up*, kukonzanso nyumba yakale kuti ioneke bwino. Ntchito zambiri za kumeneko ndi zimenezi.

Ndinamva wina akuti *they just threw it up*. Kodi si kusanza kumeneko?

Ndi zonse ziwiri. *Throw up* ndi kusanza, komanso ndi kumanga mothamanga ndi mosasamala. Nyumba yotereyi ndi ija ya simenti yochepa, mchenga wambiri, imene imang'aluka dzinja loyamba. Choncho pali makwerero: *build* sanena kanthu za liwiro, *put up* amanena za changu popanda kunyoza, *throw up* amanyoza.

Chenjerani ndi *knock up*. Ku Britain mmisiri akhoza kunena kuti *I'll knock up some shelves*, ndikhoma mashelufu mwamsangamsanga, kapena *knock up some mortar*, kusakaniza matope a simenti. Koma mneni yemweyu akanenedwa za munthu wamkazi ndi mawu achipongwe otanthauza kupereka mimba, ndipo ku America ndi tanthauzo limene anthu amayamba kuliganiza. Ngati simuli pakati pa amisiri anzanu, musiyeni.

Pa mayeso amafunsa zotani pa mneniyu?

Kawirikawiri amakupatsani chiganizo chokhala ndi mpata, n'kukuuzani kuti musankhe pakati pa *put up, put off, put out, put on* ndi *put up with*. Kapena amadula mzere kunsi kwa mneniyo n'kufunsa tanthauzo lake. Musathamangire mayankho. Yambani mwapeza chinthu chimene chikuchitidwacho. Msonkhano ndi *put off*, kuimitsa kaye. Moto ndi *put out*, kuzimitsa. Malaya ndi *put on*. Mpanda ndi *put up*. Khalidwe loipa ndi *put up with*. Msampha umene umakola ambiri ndi kusiya *with*, chifukwa maso amaona *put up* n'kukhutira. Werengani mayankho onse mpaka lomaliza.

Pa chimangirizo, *put up* ndi wololedwa m'nkhani yofotokoza zimene zinachitika ndiponso m'mawu a anthu olankhulana. Mu lipoti kapena kalata ya ntchito, sankhani *build* kapena *construct*.

Ndikufuna kulembera khonsolo kupempha chilolezo chomanga. Ndilembe kuti *I want to put up a house*?

Adzakumvani, koma kalatayo idzaoneka ngati ya kwa mnzanu. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa musanayambe kumanga, ndipo mapepala a ntchito imeneyi amalankhula chilankhulo chawochawo. Lembani kuti *I wish to apply for permission to construct a dwelling house on plot number*, n'kuika nambala ya puloti yanu. *Erect* amakwaniranso, makamaka pa mpanda ndi pa chikwangwani cha malonda: *permission to erect a boundary wall*.

Chimodzimodzi pa pangano lanu ndi mmisiri. *Put up a house* sanena ngati ntchitoyo ikuthera pa lintala, pa denga, kapena ikufika mpaka pa pulasitala ndi penti, ndipo mikangano yambiri ya eni nyumba ndi amisiri imayambira pa mawu osatha ngati amenewa. Lembani gawo lililonse palokha ndi mtengo wake: *dig and lay the foundation, construct the walls to lintel level, fix the roof, plaster inside and outside, fit doors and windows*. Nonse awiri musaine, pakhale ndi mboni, ndipo aliyense asunge pepala lake.